Chaka choyamba cha quarterback

Anyamata a ku Limphasa amene amatsatira zigoli za Temwa Chawinga ku Kansas City Current mwina sadziwa kuti mmodzi mwa eni timuyo, Patrick Mahomes, ndi quarterback mu mpira wa ku America, uja woponya ndi manja. Ntchito ya quarterback ndi kulandira mpira, n'kusankha m'masekondi ochepa woti amuponyere, uku zimphona zikuthamangira kudzamugwetsa. Wongochoka kumene kukoleji amapeza adani aliwiro, odziwa kubisa maimidwe awo mpaka mpira utayamba kuyenda.

Peyton Manning adalowa mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, ngati quarterback mu 1998. Chaka chimenecho adaponya mipira 28 m'manja mwa adani, ndipo timu yake ya Indianapolis Colts idapambana masewero 3 okha mwa 16. Sadamuchotse. Chaka chotsatira idapambana 13. Mahomes adadzera njira ina: mu 2017 adakhala pabenchi kumbuyo kwa quarterback mnzake Alex Smith, n'kusewera gemu imodzi yokha, koma mu 2018 adaponya ma touchdown 50, zomwe zili ngati zigoli mu mpirawu.

Ine mtima wanga uli pa njira ya Manning. Zimandipweteka kuona mnyamata pabwalo lakumudzi akutulutsidwa chifukwa wataya mpira kawiri, anthu akumukuwiza, mphunzitsi osamuuza n'komwe pamene walakwitsa.