Kumvetsera pansi pa Malosa ndi Chikala

Ndikamakumba dzenje loikamo makina athu m'midzi ya ku Machinga ndi Balaka, funso limakhala limodzimodzi: "Achimwene, mwapezako miyala yanji?" Sindiwadabwa ofunsawo, pakuti anthu a kuno akudziwa za Kangankunde, phiri lomwe lakhala likukopa makampani a migodi kwa zaka zambiri. Koma makina angawa saona golide. Amamvetsera kunjenjemera kwa nthaka, ndipo zomwe ndimasaka zili kutali pansi, komwe chitsulo chobowolera sichinafikeko. Dzenje lakuya kwambiri lomwe anthu anabowolapo, ku Kola m'dziko la Russia, linathera pa makilomita 12 okha.

Mayi akafuna kugula mbiya amaigogoda ndi chala, ndipo kulira kwake kumamuuza ngati ndi yopsa bwino kapena ili ndi mng'alu. Ifenso timatero ndi dziko, kungoti wogogoda ndi chivomezi chochitika kutali.

Makinawa, otchedwa seismometer, timawakhazika pa konkire pansi pa dzenje. Timawawongola mpaka kathovu ka pa levulo kaime pakati penipeni, kenako n'kuwalozetsa kumpoto ndi kampasi. Pamwamba pamatsala sola, batire ndi kamlongoti ka GPS kosunga nthawi. Makinawa amamva zonse. Chigayo chikalira ku msika chimaoneka pa kompyuta, sitima ya malasha yochokera ku Moatize ikamadutsa pa Nkaya kupita ku Nayuchi imaonekanso, ngakhale mizu ya mtengo wogwedezeka ndi mphepo. N'chifukwa chake timathawa misewu ndi mitengo ikuluikulu.

Tsono chivomezi chikachitika ku Sumatra, mafunde ake oyamba amadutsa mkati mwa dziko n'kufika pansi pa Liwonde pasanathe mphindi 12. Akamakwera kudza kumtunda amawoloka malire a pakati pa miyala yolemera ya pansi, yomwe timaitcha mantle, ndi miyala yopepukirapo ya pamwamba, crust. Malirewa anawatulukira Andrija Mohorovičić wa ku Croatia atafufuza chivomezi cha mu 1909. Pamenepo gawo lina la funde limasanduka funde la mtundu wina, loyenda pang'onopang'ono, ndipo limafika pa makina mochedwa. Kuchedwako ndiye muyeso wathu. Kum'mwera kwa Malawi kuno kumakhala masekondi 4 kapena 5, kusonyeza kuti crust ndi yochindikala makilomita pafupifupi 40. Pansi pa Tibet kuchedwako kumawirikiza, chifukwa kumeneko crust imafika makilomita 70.

Kusiyana kumeneku kumandisangalatsa kwambiri. Tibet anakwera chifukwa India akukankhana ndi Asia, miyala n'kuunjikana. Mapiri athu sanabadwe motero. Zomba, Malosa, Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi ndi miyala yomwe inali yosungunuka, n'kuzizira pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mvula inakokolola zofewa zozungulira, zolimba n'kutsala chiimire. Pambuyo pake dziko linayamba kutanuka, chigwa cha Shire n'kutitimira motsatira ming'alu, monga uja wa m'munsi mwa phiri la Zomba ndi wa ku Chingale. Kutanukako kukuchitikabe, osakwana mamilimita 3 pa chaka.

Zambiri mwa izi tazidziwa posachedwa. Pakati pa 2012 ndi 2014 kafukufuku wa SAFARI anayala makina pafupifupi 50 m'maiko a Botswana, Zambia, Malawi ndi Mozambique. Wina wotchedwa SEGMeNT anagwira ntchito kumpoto kwa Malawi kuyambira 2013 mpaka 2015, ndipo anamiza makina ena pansi pa nyanja ya Malawi. Zinaoneka kuti pansi pa mapiri a Rungwe ku Tanzania mafunde amayenda mochedwa, chizindikiro chakuti mantle ya kumeneko ndi yotentha. Ukamatsikira kum'mwera amathamanga: miyala ndi yozizira ndi yolimba. Choncho amene amaopa kuti akasupe otentha a ku Liwonde ndi chizindikiro chakuti phiri liphulika akhazike mtima pansi. Amenewo ndi madzi a mvula olowa mozama m'ming'alu, n'kubwerera atatenthedwa.

Koma kulimbako kuli ndi kuipa kwake, ndipo apa m'pomwe pamandidetsa nkhawa. Mwala wozizira supindika, umathyoka. M'madera ambiri a dziko lapansi zivomezi za pamtunda zimayambira pa makilomita osapitirira 15 kapena 20 pansi, koma cha ku Salima cha pa 10 March 1989, chomwe chinapha anthu ndi kusiya zikwizikwi opanda pokhala, chinayambira pafupifupi makilomita 30 pansi. Mng'alu wozama chotero umakhalanso wautali. Wa Bilila-Mtakataka, woyambira kufupi ndi Balaka kulowera kumpoto, umapitirira makilomita 100. Utasuntha wonse nthawi imodzi, chivomezi chake chingapose cha ku Karonga cha mu December 2009. Tsiku lake palibe katswiri angalitchule, ndipo wokuuzani kuti akulidziwa akukunamizani. Chomwe tingathe ndi kuloza ming'alu yomwe ili yamoyo, kuti omanga sukulu, chipatala kapena mlatho adziwe pofunika zitsulo zokwanira ndi lamba wa konkire pamwamba pa khoma.

Kuti tiloze ming'aluyo timadalira tizivomezi ting'onoting'ono tomwe munthu satimva, ndipo kuti upeze pomwe kamodzi kayambira pamafunika makina atatu kapena kuposerapo otchera khutu mozungulira. Makina a SAFARI ndi SEGMeNT anazulidwa kafukufuku atatha. Ku Zomba, komwe kuli likulu la nthambi ya boma ya Geological Survey, alipo okhazikika, koma sangazinge okha chigwa chonse. Ndikanakonda kuona ena pa sukulu za sekondale ku Ntaja, Liwonde, Ulongwe ndi Phalula, komwe kuli mlonda woteteza sola ndi batire, komanso ophunzira a Fomu 3 oti aziwerenga okha mizere ya pa kompyuta.