Nembanemba za M'selo ndi Imfa Yoikika ya Maselo

Mphunzitsi aliyense wophunzitsa za chilengedwe adzakumana ndi funso ili: kodi mchira wa mbululu umanka kuti pamene iye asanduka chule? Ana ambiri amayankha kuti umaduka. Choona nchakuti maselo a mchirawo, ndiwo tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi, amafa mwadongosolo, ndipo thupi limawameza. Momwemonso zala za mwana ali m'mimba zimayamba ziri zogwirizana, nizilekana pamene maselo a pakati pake afa.

M'chaka cha 1972, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, ali ku Aberdeen m'dziko la Scotland, anaitcha imfa yotere apoptosis, liwu la Chigiriki lonena za kuyoyoka kwa masamba. Pambuyo pake kunapezeka kuti m'kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans, mwa maselo 1,090 amene amabadwa pakukula kwake, 131 amafa nthawi zonse. Sydney Brenner, Robert Horvitz ndi John Sulston analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2002 chifukwa cha ntchito yawo pa kanyongolotsika.

Tsono mlandu wa kufa kapena kukhala ndi moyo umaweruzidwa pati? M'kati mwa selo muli tinthu totchedwa mitochondria, timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Kalikonse nkokutidwa ndi nembanemba ziwiri, ndiko kunena tikhungu topyapyala topangidwa ndi mafuta. Pakati pa nembanembazo pamakhala puloteni yotchedwa cytochrome c, imene imathandiza pa ntchito ya mphamvuyo. M'chaka cha 1996, Xiaodong Wang ndi anzake ku America anaonetsa kuti puloteniyi ikatulukira m'madzi a m'selo imadzutsa mapuloteni ena, otchedwa caspase, amene amaduladula zonse za m'kati. Chotero moyo wa selo wagona pa kulimba kwa nembanemba yakunjayo.

Oyang'anira nembanembayi ndiwo mapuloteni a banja la Bcl-2, ndipo ali m'magulu atatu. Gulu loyamba, BAX ndi BAK, ndilo loboola. Lachiwiri, monga Bcl-2 ndi Bcl-xL, limagwira oboolawo kuti asaboole. Lachitatu, monga BID ndi BIM, limabwera ndi uthenga wakuti selo laonongeka kapena silifunikanso. Limadzutsa oboola, ndiponso limagwira oletsa aja.

Chofunika kuchimvetsa nchakuti nembanemba siiri khoma chabe loyembekeza kugumulidwa. Iri ngati bwalo la milandu, pakuti anthu amene amangopitirirana pa njira amalankhula mosiyana akakhala pa bwalo. M'selo lamoyo BAX wambiri amayandama m'madzi ali wopindika, ndipo mchira wake wokonda mafuta umabisika m'kati mwake. Akatera pa nembanemba nthawi isanakwane, Bcl-xL amambweza m'madzi. Koma BID akadulidwa ndi caspase, chidutswa chake chimayamba chamamatira pa nembanemba ndi kusintha maonekedwe. Pamenepo mpamene chimatha kudzutsa BAX. Ndondomeko imeneyi inaonetsedwa m'chaka cha 2008 ndi gulu la David Andrews ku McMaster University m'dziko la Canada. BAX akadzutsidwa amatambasuka, naloŵa m'mafutamo, nagwirana ndi anzake aŵiriaŵiri, kenaka ambiri, kufikira bowo litatseguka. Ngakhale mtundu wa mafutawo uli ndi mbali yake: mafuta otchedwa cardiolipin, opezeka makamaka mu mitochondria, amathandiza kuboolako pamene akatswiri ayesa ndi nembanemba zopanga okha.

Nembanemba yokuta selo lonse nayonso iri ndi udindo. Mafuta otchedwa phosphatidylserine amasungidwa ku mbali ya m'kati selo likali lamoyo. Likayamba kufa, mafutawa amatembenukira kunja, nakhala chizindikiro kwa maselo omeza zinyalala kuti alichotse lisanaphulike. Nchifukwa chake imfa yotere siibweretsa kutupa monga chichitira chilonda.

Dongosololi likasokonezeka, munthu amadwala. M'chaka cha 1988, David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams ku Melbourne anapeza kuti Bcl-2 akachuluka, maselo oyenera kufa amapitiriza kukhala ndi moyo. Apa panaoneka kuti khansa siibwera ndi kuswana kwa maselo kokha, komanso ndi kukana kwawo kufa. Nzeru imeneyi inabala mankhwala otchedwa venetoclax, amene analoledwa ku America m'chaka cha 2016 pochiza mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Mankhwalawa amakhala m'kamphako ka Bcl-2 momwe iye amagwirira oboola, kotero kuti oboolawo amamasuka, ndipo selo la khansa limafa.

Inu amene mudzaima pamaso pa ana a sukulu za pulayimale simudzawaloŵeza maina onseŵa ayi. Koma sungani ambululu m'botolo la madzi a padziwe, ana ayese utali wa mchira sabata ndi sabata, nalembe zimene aona. Akadzafunsa kumene wapita mchirawo, mudzawauze kuti thupi limakula mwa kuwonjezera ndiponso mwa kuchotsa, ndi kuti kuchotsako kuli ndi malamulo ake.