Kalusha Bwalya: Wotsala Pamaliro Amene Adautsa Mudzi

Ukulu wa munthu sitiuyesa pa tsiku limene khamu likumuombera m'manja. Timauona pamene tsoka lagwa ndipo anzake onse atyoka m'nkhongono. Moyo wa Kalusha Bwalya, katswiri wa mpira wamiyendo wa ku Zambia, ukutiphunzitsa zimenezi.

Kalusha adabadwira ku Mufulira, mzinda wa migodi ya mkuwa, m'chaka cha 1963. Luso lake lidayamba kuonekera mu timu ya Mufulira Wanderers, makamaka mwendo wake wamanzere umene agoloboyi ankauopa. Mu 1985 adapita ku Belgium kukaseŵerera Cercle Brugge, ndipo mu 1989 adasamukira ku PSV Eindhoven ku Holland, kumene timu yake idatenga ukatswiri wa dzikolo mu 1991 ndi 1992. Pambuyo pake adakaseŵeranso ku Mexico.

Mbiri yake idawanda mu 1988. Pa maseŵera a Olimpiki ku South Korea, Zambia idachititsa manyazi Italy poigonjetsa 4-0, Kalusha akumwetsa zigoli zitatu. Chaka chomwecho adasankhidwa kukhala woseŵera woposa onse mu Africa.

Koma pa 27 April 1993 kudagwa zoopsa. Ndege imene idanyamula timu ya Zambia popita ku Senegal idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 adatsikira kulichete, 18 mwa iwo oseŵera. Kalusha adapulumuka chifukwa adali ku Holland, ndipo adayenera kukakumana ndi anzakewo ku Dakar.

Wina akadati madzi akatayika saoleka, nadzikhalira ku Ulaya kumene ankalandira malipiro abwino. Iye sadatero. Adavomera kutsogolera timu yatsopano ya anyamata amene ambiri adali asanazoloŵere maseŵera akuluakulu. Mu July 1993, pa bwalo la ku Lusaka limene kunja kwake kudali manda a anzake, Zambia idagonjetsa Morocco 2-1, ndipo chigoli choyamba cha Zambia chidali chake. Mu 1994 ku Tunisia adafika pa ndime yotsiriza ya chikho cha Africa, kumene Nigeria idaŵaposa 2-1. Mu 1996 ku South Africa Kalusha adamwetsa zigoli 5, kuposa wina aliyense pa mpikisanowo.

Chikho chimene chidamulaka ali woseŵera adachigwira ali mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira ku Zambia. Mu 2012 Zambia idagonjetsa Ivory Coast pa mapenate, ndipo zimenezi zidachitikira ku Libreville komweko, pafupi ndi nyanja imene idameza anzake aja.

Inu achinyamata, mwendo wamphamvu umafooka ndi ukalamba, koma dzina la munthu amene sadathaŵe kwao pa nthaŵi ya misozi silifafanizika. Nanunso makolo, pamene mukulimbikitsa luso la ana anu, muziŵaphunzitsanso kusenza katundu amene ena amusiya panjira.