Nyali za galimoto yakale zikamafooka, yambani mwayeza mawaya

Usiku wina m'mwezi wa Juni tinkachokera ku Dedza kupita ku Ntcheu pa msewu wa M1, titakwera Land Rover ya malume anga ya mtundu wa Series III. Nyali zinali zoyaka ndithu, koma kuwala kwake kunali kwachikasu ngati kwa koloboyi. Bambo wina wokankha njinga ya makala tinamuona titatsala pang'ono kumufika. Malume anakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, tinamuphonya, ndipo m'galimoto munangoti zii mpaka pa Lizulu.

Kutacha, malume anatsimikiza zokagula mababu amphamvu a mawati 100. Makaniko wa zamagetsi amene tinamupeza anawapempha kuti ayambe adikira. Analiza injini, kuyatsa nyali, n'kugunditsa mita yoyezera magetsi pa batire: inaonetsa mavolti 13.9. Atayeza kumbuyo kwa babu, inaonetsa 11.8. Mavolti awiri athunthu ankathera panjira. Mababu analibe mlandu.

Kumene magetsi amathera

Magalimoto ambiri akale, monga Land Rover Series III yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, kapena MGB ya ku Britain ya pakati pa 1962 ndi 1980, anawalumikiza mwanjira yosavuta. Magetsi onse a nyali amachoka ku batire, kulowa m'kati mwa galimoto, kudutsa pa switchi yoyatsira nyali, kudutsanso pa switchi yosinthira dimu ndi fulu, kenaka n'kubwerera kutsogolo kukafika pa mababu. Ndi ulendo wa mamita angapo, m'mawaya opyapyala, wodutsa pa mfundo zambiri.

Galimoto ili yatsopano, njira imeneyi inkagwira ntchito bwino. Koma patapita zaka 40 kapena 50, mkuwa wa m'mawaya umada, polumikizira pamachita dzimbiri lobiriwira, ndipo tizitsulo togundana m'kati mwa switchi timapsereza pang'onopang'ono. Malo aliwonse otere amapinga magetsi, monga momwe paipi yodzaza ndere imachepetsera madzi pa mpope.

Katswiri wa ku Germany, Georg Ohm, anafotokoza lamulo lake mu 1827: mavolti otayika panjira amapezeka pochulukitsa kuchuluka kwa magetsi oyenda (ma amp) ndi kukula kwa chopingacho (ma ohm). Mababu awiri a mtundu wa H4, omwe amakhala a mawati 55 pa dimu ndi 60 pa fulu, amakoka ma amp pafupifupi 9. Ngati mawaya ndi maswitchi akupinga ndi ma ohm 0.2 okha, mavolti 1.8 atayika kale babu lisanalandire kanthu.

Wina atha kunena kuti mavolti awiri pa 14 ndi ochepa. Koma babu la kawaya koyaka silifooka molingana ndi mavolti. Limafooka mofulumira kuposa apo. Mababu a galimoto amawayeza pa mavolti 13.2. Mavolti akatsika ndi 10 peresenti, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akatsika ndi 15 peresenti, kuwala kumatsala kongopitirira theka pang'ono. Kawaya ka m'babu kakapanda kutentha mokwanira kamatulutsa kuwala kofiirira, ndiye chikasu chija tinachiona pa M1.

Mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha. Pa chitsanzo chathuchi, mawati oposa 16 amakhala akuwotcha mawaya ndi maswitchi. Ngati munagwirapo switchi ya nyali mutayenda ola limodzi usiku n'kupeza yafunda, kapena kumva kafungo ka pulasitiki wopsa pansi pa dashibodi, chifukwa chake n'chimenechi.

Apa ndiye pamene maganizo a malume akanatipweteketsa. Mababu awiri a mawati 100 amakoka ma amp pafupifupi 16. Kutentha kwa m'waya kumakula mwa kuchulukitsa ma amp ndi ma amp omwewo, choncho kukanakwera katatu. Walira mvula walira matope: kufuna kuwala kochuluka pa mawaya okalamba kumathera pa switchi yosungunuka, mwinanso moto.

Kabokosi kotchedwa relay

Njira yothetsera vutoli ndi relay, kabokosi kochepa ngati bokosi la machesi, kokhala ndi miyendo inayi kapena isanu. M'kati mwake muli kawaya kokulungidwa kambirimbiri pa kachitsulo. Magetsi ochepa akadutsa m'kawayako, kachitsulo kamasanduka maginito n'kukoka kachitseko kachitsulo, kamene kamalumikiza njira ina ya magetsi ambiri. Mukayatsa mumamva kuti "tiki". Nzeruyi ndi yakale: Joseph Henry wa ku America anaisonyeza m'zaka za m'ma 1830, ndipo inathandiza kuti mauthenga a telegalafu aziyenda mitunda italiitali.

Pa galimoto, relay imasintha ntchito ya switchi. Kale switchi inkasenza katundu yense, tsopano imangotuma. Imatumiza magetsi osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a amp imodzi kukadzutsa relay, ndipo relay imatsegulira magetsi ochokera ku batire kudzera pa waya wamfupi, wokhuthala, watsopano, kupita molunjika ku mababu. Switchi yazaka 50 imapuma, mababu amalandira pafupifupi mavolti onse.

Miyendo ya relay ili ndi manambala otsatira muyezo wa ku Germany wa DIN 72552, ndipo ndi omwewo kaya relay ndi ya Bosch, Hella kapena kampani ina. Mwendo wa 30 umalandira magetsi kuchokera ku batire. Wa 87 umawapereka ku mababu. Wa 86 umalandira waya wakale wochokera ku switchi. Wa 85 umapita ku chitsulo cha galimoto. Pa relay ya miyendo isanu pamakhalanso 87a, umene umakhala ndi magetsi pamene relay yazima. Pa ntchito ya nyali umenewo sugwiritsidwa ntchito.

Kuika kwake

Pamafunika ma relay awiri a ma amp 30 kapena 40, ina ya dimu, ina ya fulu. Musanagwire waya aliyense, chotsani waya wa batire wopita ku chitsulo cha galimoto. Sipanala ikagunda molakwika batire lili lolumikizidwa, imatha kufiira m'manja mwanu.

Ma relay amangidwe pafupi ndi nyali, pouma, miyendo yake italoza pansi kuti madzi asamakhazikikemo. Waya wochokera ku batire akhale wokhuthala mamilimita 2.5 sikweya kapena kuposa, ndipo relay iliyonse ikhale ndi fyuzi yakeyake, ya ma amp 15 kapena 20, yoikidwa pafupi kwambiri ndi batire. Fyuzi imateteza waya amene ali kutsogolo kwake yekha. Mukaiika kutali, chigawo chonse cha pakati pa batire ndi fyuziyo chimakhala pambalambanda. Ubwino wa mafyuzi awiri ndi woti ya dimu ikapsa muli paulendo, fulu imatsala, simukhala mumdima wa ndiweyani.

Kenaka pezani mawaya akale a nyali. Pa magalimoto a ku Britain a mawaya a kampani ya Lucas, wa dimu ndi wabuluu wa mzere wofiira, wa fulu ndi wabuluu wa mzere woyera, ndipo wakuda ndi wopita ku chitsulo. Pa Volkswagen Beetle, wa dimu ndi wachikasu, wa fulu ndi woyera. Komabe galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri imakhala ndi mawaya osinthidwa, choncho tsimikizani ndi mita musanadule.

Njira yobwerera ya magetsi musaiiwale. Makaniko wathu uja atamasula bawuti yogwira waya wakuda pa chitsulo, pansi pake panali dzimbiri lofiira ndi penti. Anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinanyezimira, n'kumanga waya watsopano, n'kupaka girisi pamwamba. Mfundo zonse anazifinya ndi pulayala yake n'kuzivindikira bwino. Kupotokola mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumangobweretsanso vuto lomwe mukuchotsalo.

Pali magalimoto ofuna kusamala mwapadera. Ena a ku Japan, kuphatikizapo a Toyota akale ambiri, switchi yawo imadula njira yobwerera m'malo modula yochokera ku batire, choncho miyendo ya 85 ndi 86 imalumikizidwa mosiyana. Ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chapakati pa zaka za m'ma 1960 amalumikiza mbali ya pulasi ya batire ku chitsulo, ndipo relay yokhala ndi diode m'kati imawonongeka ikalumikizidwa chozondoka. Ma Beetle akale kwambiri ndi a mavolti 6 ndipo amafuna relay ya mavolti 6. Safunsa anadya phula: ngati galimoto yanu ili m'gulu limeneli, pitani nayo kwa makaniko wa zamagetsi.

Nkhani ya moyo

Makaniko atamaliza kuika ma relay pa Land Rover ya malume, mita inaonetsa mavolti 13.6 pa babu lomwe lija. Madzulo tinaimika galimoto moyang'ana khoma, ndipo kuwala kunali koyera mbee. Makaniko anawongolanso nyalizo kuti dimu iziloza pansi pang'ono, popeza nyali yowala yoloza m'mwamba imathobwa m'maso oyendetsa anzathu. Anachenjezanso kuti babu lolandira mavolti okwanira limatha msanga kusiyana ndi lomwe linkangonyeka, choncho ndi bwino kuyenda ndi lapadera.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Munthu wovala zakuda pa dimu yofooka amaoneka ali pafupi kwambiri, ndipo woyendetsa asanaponde n'komwe buleki amakhala atadya kale mamita ochuluka. Maso nawo akamakalamba amafuna kuwala kochulukirapo kuti aone zomwe ankaona ali anyamata. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Amenewa ndi omwe timagawana nawo misewu yathu usiku, ambiri opanda nyali kapena chovala chonyezimira.

Ngati muli ndi galimoto yakale, lizani injini, yatsani nyali, yezani pa batire, yezaninso pa babu. Kusiyana kukaposa theka la volti, tsukani mfundo, konzani waya wa ku chitsulo, ikani ma relay ndi mafyuzi ake. Chitani zimenezi musanayendenso ulendo wina wausiku.