Ngongole ikakukulirani, musathawitse katundu

Kwa Mposa ku Machinga anthu sadaiwale chaka cha 2018, pamene nyanja ya Chilwa idaphwa. Amene adakongola ndalama zogulira ukonde adatsala ndi bwato pamtunda, eni ndalama ali pakhomo. Zikafika potere ambiri amathamangira nzeru imodzi: kukangoda, njinga kwa amalume, wailesi kwa apongozi, mbuzi m'khola la mnansi.

Musatero, abale anga.

Malinga ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, munthu amene khoti lagamula kuti walephereratu kubweza ngongole amayenera kulemba chuma chake chonse, komanso mayina a onse amene ali nawo ngongole. Chonse ndithu: foni, matumba a mpunga, ngakhale ndalama zimene ena sadakubwezereni. Kubisa ndi mlandu pawokha. Nanga kumudzi kuno, mbuzi ingasamuke khola anthu osadziwa?

Koma lembani zanu zokha. Ngongole imene bambo adatenga yekha, mayi osasainira, si ya mayi. Kuno ambiri ndi akamwini, ndipo mwina makina osokera aja mayi adagula ndi ndalama zake za kubanki mkhonde. Tsiku lobwera masherifu, kungolira kuti "izi n'zanga" sikokwanira. Pamafunika lisiti kapena mboni.

Ndiye inu ongolowa kumene m'banja, gulani kope. Mukagula chinthu lembani tsiku, mtengo ndi mwini wake, lisiti n'kumata pomwepo. Samani ikabwera musaibise pansi pa mphasa. Pitani nayo ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu osatha kulipira loya.