Tunnel (mawu a Chingerezi)

Tunnel ndi mawu a Chingerezi otanthauza njira yokumbidwa pansi pa nthaka, pansi pa madzi kapena yoboola phiri, yomwe ili ndi polowera ndi potulukira. Mumadutsa anthu, magalimoto, sitima zapamtunda kapena madzi. M'Chichewa mulibe liwu limodzi lofanana nawo ndendende. Phanga ndi lachilengedwe ndipo nthawi zambiri silitulukira kwina, ngalande imakhala yosatseka pamwamba, pomwe una ndi wa mbewa ndi nyama zina. N'chifukwa chake omasulira amangofotokoza kuti "njira yapansi pa nthaka".

Chiyambi cha mawuwa

Mawuwa sanayambire kwa okumba. Anachokera ku Chifalansa chakale, ku liwu lakuti tonel, lotanthauza mgolo wamatabwa wosungiramo vinyo, ndipo liwulo linachokera ku tonne, mgolo waukulu. Atalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, ankatanthauza ukonde wobulungira, wotakasuka kukamwa koma wopanikiza kumapeto, womwe alenje ankakolera mbalame zamtundu wa nkhwali. Kapangidwe kake kankafanana ndi mono wa asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi: cholowamo sichipeza pobwerera.

Pambuyo pake mawuwa anayamba kutchula paipi komanso mpata wotulukira utsi pa nyumba. Tanthauzo la njira yapansi pa nthaka linafala m'zaka za m'ma 1700, pamene a ku Britain ankaboola mapiri kuti ngalande za maboti zidutse, ndipo linakhazikika njanji zitabwera. Chogwirizanitsa mgolo, ukonde ndi njirayi ndi maonekedwe basi: chinthu chobulungira, chachitali, chamkati mwa mphako. Chifalansa chinadzabwerekanso mawuwa kuchokera ku Chingerezi, moti lero Afalansa amalemba tunnel ponena njira ndi tonneau ponena mgolo.

Kagwiritsidwe ntchito

Tunnel ndi dzina komanso mneni wotanthauza kukumba njira yotere. M'kalembedwe ka ku Britain, kamene sukulu za ku Malawi zimatsatira, mneniyu amalembedwa tunnelled ndi tunnelling, ndi "l" awiri. Ku America amalemba "l" mmodzi. Ophunzira amasokonezanso mawuwa ndi funnel, kachipangizo kothirira mafuta m'botolo, koma awa ali ndi gwero lina.

Pali ndi matanthauzo ena. Tunnel vision ndi vuto la maso lomwe munthu amaona zapatsogolo pokha osaona zam'mbali, ndipo mophiphiritsa amanenera munthu woumirira maganizo amodzi. Carpal tunnel ndi kampata ka pamfundo ya dzanja momwe mumadutsa mtsempha.

Zitsanzo

Woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Karonga kudzera pa Iponga kukafika pa chipata cha Songwe amawoloka milatho ndi makalavati. Kalavati si tunnel: ndi paipi kapena kangalande kafupi kodutsitsa madzi pansi pa msewu, ndipo Chingerezi chili ndi liwu lakelake la chinthuchi. Njira zenizeni zoboola mapiri zili kutsidya kwa malire, pa njanji ya TAZARA yomwe imadutsa ku Mbeya m'dziko la Tanzania. Njanjiyi, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi ku Zambia, inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo ili ndi njira zotere 22. Zambiri zili m'mapiri a pakati pa Mlimba ndi Makambako, komwe ntchito yomanga inavuta kwambiri.

Amalawi ambiri anadziwa njira zapansi pa nthaka m'migodi ya golide ya ku Joni, komwe ankapita kudzera ku Wenela. Kuno kumudzi zimapezeka m'migodi ya malasha monga wa Mchenga m'boma la Rumphi.

Kunja kwa Africa, Channel Tunnel inatsegulidwa mu 1994 ndipo imalumikiza England ndi France pansi pa nyanja, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Gotthard Base Tunnel ya ku Switzerland, yotsegulidwa mu 2016, ndi ya makilomita 57.