Khoka la Maso Ang'onoang'ono: Katangale Kuchokera Padoko Mpaka ku Likulu

(Mafunde akumenya gombe. Chapatali alovi akuitanizana pokoka khoka.)

Lero tili ku Mangochi, pamene mtsinje wa Shire umatsanzikana ndi Nyanja ya Malawi n'kuyamba ulendo wopita ku Malombe. Kunja kukungocha kumene. Mabwato amene anachezera panyanja akubwerera kumtunda, nyali zazima, ndipo amayi ogula nsomba alowa kale m'madzi olekeza m'maondo, mabeseni ali m'manja. Tabwera kudzakamba za katangale. Mwina mukudabwa kuti nkhani ya m'maofesi ndi m'makhoti taiyambira padoko. Khalani nafe, mumva chifukwa chake.

Kuyambira kale, msodzi wachilendo akafika padoko la eni ake sankangofikira kuponya khoka. Ankayamba waonekera kwa amfumu, kunena kumene wachokera ndi kupempha malo. Akapha nsomba, ankapatulako zina n'kukatula kwa eni mudzi. Gogo amene wagwirako chingwe cha khoka, kapena mayi wamasiye amene waima m'mphepete, sankabwerera chimanjamanja. Ankalandira ya ndiwo. Kupatsa n'kuika, ankatero makolo. Mphatso yotereyi inkaperekedwa dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Inkabwera ntchito itatha, ngati zikomo. Ndipo mawa lake msodzi yemweyo akalakwa, mlandu wake unkazengedwa pabwalo ngati wa wina aliyense.

Chiphuphu chinabwereka malaya a mphatso imeneyi. Tamverani mmene timachitchulira: kangachepe, ya fanta, ya mayunitsi, chibanzi. Palibe amene amachiitana ndi dzina lake lenileni. Koma chimadziwika ndi mayendedwe ake. Chimaperekedwa kuseri, chimatsogola ntchito isanagwiridwe, ndipo chimene chikugulidwa ndi maso a munthu waudindo, kuti aone ngati sanaone.

(Nkhafi zikupalasa madzi.)

Tatsikira ku Nyanja ya Malombe. Akuluakulu a kuno amakumbukira nthawi imene chambo chinkachita kusowa ogula. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyanja yaing'onoyi inkatulutsa matani a chambo pafupifupi 8,000 pachaka. Patangotha zaka khumi zokha, chinatsala cha matani mazana owerengeka. Asodzi anachuluka, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono, a nkacha ndi a kambuzi, ankakokolola pansi pa nyanja, kuzula udzu wa m'madzi momwe nsomba zimabisala ndi kuphwasula zisa zimene chambo chimakumba mumchenga. Kasawala, mwana wa chambo, ankafera pathandala asanaswe n'kamodzi komwe.

Boma silinangokhala chete. Mu 1993 linayambitsa ndondomeko yoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo m'madoko munabadwa makomiti a m'mphepete mwa nyanja, amene ambiri amangowatchula kuti ma BVC. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loteteza nsomba. Nyengo yotseka nyanja ilipo, kukula kwa maso a khoka kunalembedwa. Malamulo ndi abwino ndithu. Nanga bwanji chambo sichinabwerere?

Zifukwa n'zingapo, koma chimodzi amachidandaula asodzi okhaokha. Khoka loletsedwa likagwidwa, la mmphawi limatenthedwa pagulu, pamene la mwini maboti limabwerera kwawo usiku, mwini wakeyo atapereka kangachepe. Wina akaona zimenezi amadzifunsa kuti, ine ndisungirenji nyanja pamene mnzanga akukolola? Mawa nayenso amasoka masikito, ukonde umene analandira kuchipatala kuti uteteze ana ku malungo, n'kulowa nawo m'madzi. Ikaola imodzi, zaola zonse. Amene analandira kangachepe uja anadya tsiku limodzi. Mudzi wonse unataya ndiwo za zaka makumi.

Katangale ndi khoka la maso ang'onoang'ono. Sasiya mbewu.

(Phokoso la njinga za kabaza ndi magalimoto pamlatho.)

Tili pa mlatho wa Bakili Muluzi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina la linga limene Angerezi anamanga mu 1891 pomenyana ndi mafumu ogulitsa akapolo m'chigawo chino. Liwu lakuti boma poyamba linkatanthauza linga lotero. Kwa agogo athu, boma linali mpanda wa alendo, kochokera asilikali ndi amesenjala odzatolera msonkho wa nyumba. Chinthu cha boma chinali cha mlendo. Atsamunda anapita mu 1964, koma maganizo aja anatsalira. Mpaka lero munthu akapopa mafuta m'galimoto ya kuntchito, kapena akatulutsa mankhwala pakhomo la kuseri, timamva mawu akuti, n'zaboma izi, zilibe mwini. Umenewu ndi muzu woyamba. Mwini alipo. Ndi mayi wa ku Makanjira amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wotentha thupi kumsana, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule.

Muzu wina ndi umphawi. Malipiro akamathera pakati pa mwezi, abale akudikira fizi ndi feteleza, mayesero amakula, ndipo anthu amadzitonthoza kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Koma tisanamizane. Amene anaba zochuluka m'dziko muno sanali anjala.

Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013, mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Area 43 ku Lilongwe. Anapulumuka, koma chipolopolo chija chinatsegula nkhani imene tonse timaidziwa kuti Cashgate. Apolisi anapeza ndalama zankhaninkhani m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Njira yake inali yosavuta: kulowetsa m'makompyuta a boma malipiro a kampani imene sinagwire ntchito iliyonse, kutapa ndalama kubanki, kenako kufufuta zolembedwazo. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho panasowa ndalama zoposa K13 biliyoni, ndipo pambuyo pake chiwerengerochi chinafika pa K24 biliyoni. Mayiko otithandiza, amene ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo lawo. Ululu wake unamveka kuno: m'zipatala zopanda mankhwala ndi m'makalasi a pansi pa mtengo.

Akuba aja anatha bwanji? Ankagwira ntchito mumdima, ndipo sankaopa chilango. Kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, anthu oyenera kufunsa mmene ndalama za chitukuko zikuyendera m'makhonsolo. Onjezanipo ndale za kugawa ndalama pamisonkhano, pakuti wogula mavoti amadzabweza zake akalowa. Onjezaniponso ife eni ake, amene timaombera m'manja mnyamata womanga nyumba yosanja ndi malipiro a kalaliki, n'kumati ndi dolo, pamene wokhulupirika wopuma ntchito ali ndi njinga yokha timamuseka kuti anagona.

(Mphepo ya mwera. Mafunde akukula.)

Kodi matendawa ali ndi mankhwala? Alipo, ndipo ena tili nawo kale m'nyumba. Lamulo lothana ndi katangale la 1995 linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau. Milandu ya Cashgate inaonetsa kuti mlandu suola: mayi Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu mu Unduna wa Zokopa Alendo, analamulidwa kukhala kundende zaka zitatu mu 2014, ndipo wamalonda Oswald Lutepo analandira zaka 11 mu 2015. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa ovota. Kuyambira pa 30 Sepitembala 2020, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma likugwira ntchito: muli ndi mphamvu yofunsa kukhonsolo kuti mlatho wa m'dera lanu unadya zingati, ndipo kontirakitala wake ndani. Mu 2021 nduna ina inachotsedwa paudindo chifukwa cha ndalama za Covid-19.

Kunja nakonso kuli phunziro. Mzinda wa Hong Kong unali wotchuka ndi ziphuphu, makamaka kupolisi. Mu 1974 unakhazikitsa bungwe loima palokha limene linagwira ntchito zitatu pamodzi: kufufuza olakwa, kutseka mipata m'maofesi, ndi kuphunzitsa anthu kuyambira ana asukulu. Linapatsidwa ndalama zokwanira, ndipo linagwira ndi akuluakulu omwe. Bungwe lopemphetsa mafuta a galimoto kwa anthu amene likuwafufuza silingalume.

Komatu phunziro lalikulu lili panyanja yathu yomweyi. Chakumpoto kwa kuno, m'boma la Salima, kuli chilumba cha Mbenje. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo asodzi onse amasamuka. Kutseka ndi kutsegula kumachitika pamwambo, pamaso pa anthu. Mowa ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Zotsatira zake asodzi amazidziwa: utaka wa ku Mbenje ndi wonona, ndipo nyanja ikatsegulidwa mabwato amachokera kutali kudzapha nawo. Chinsinsi chake si mfuti. Lamulo ndi lodziwika kwa onse, limagwira aliyense mofanana, ndipo eni ake amaliona kuti ndi lawo.

Zimene zatheka pachilumba zingatheke pakhonsolo, pachipatala, pachipata cha m'malire cha Chiponde ndi ku Capital Hill. Ndalama za chitukuko zilembedwe pabolodi poyera, anthu aziwerenga. Milandu iweruzidwe msanga, ndipo katundu wakuba alandidwe abwerere kwa eni ake. Woulula katangale atetezedwe. Kumzikiti Lachisanu ndi kutchalitchi Lamulungu, chopereka cha munthu wolemera modzidzimutsa chisatseke pakamwa pa mlaliki.

(Amayi akutsatsa usipa. Mawu a ana akusewera m'madzi.)

Dzuwa lakwera, nsomba zayanikidwa pathandala. Inu amfumu, inu a komiti ya padoko, inu bambo wa pazenera la ofesi, inu mayi amene mwapinda kale ndalama m'chitenje kuti fayilo yanu iyende: chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma kukana kumayamba ndi dzanja limodzi. Pemphani lisiti. Funsani mtengo wake wolembedwa. Mukaona zachinyengo, kaneneni ku Anti-Corruption Bureau kapena kwa Ombudsman. Ana akusewera m'madziwa adzafuna chambo, mankhwala ndi sukulu. Tiwasiyire mbewu.